Utoto pa Simbi

1. Zenera la makina

Kwawo kwa Kamaloto kunkachapidwa zovala za anthu. Kutsogolo kwa nyumba kunali kauntala, pakati panali chipinda chositira, ndipo kumbuyo kunali chipinda cha makina awiri ochapira, amene ankalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Banja lonse linkagona pamwamba, m'zipinda ziwiri zonunkhira sopo chaka chonse.

Ntchito inali yogawana. Amayi ankalandira zovala ndi kuzibwezera kwa eni ake. Achemwali, mkulu wake wa Kamaloto, ankasita. Kamaloto akaweruka kusukulu ankasankhula zovala, zoyera pazokha, zamitundu pazokha, n'kuziponya m'makina. Kenako ankayanika, kuyanula ndi kupinda. Akadya chakudya chamadzulo ankawerenga, pakuti mayeso anali pafupi.

Dzina loti Kamaloto anamupatsa ndi Achemwali. Mtsikanayu akatseka chitseko cha makina aakulu n'kudina batani, ankakhala pa chidebe chovundikira, chibwano chili m'manja, maso ali pa zenera lozungulira la makinawo. Ena ankaonapo zovala zikutembenuzika m'thovu basi. Iye ankaonapo malaya akusambira mlengalenga, mashiti akuuluka pamwamba pa madenga ngati mbalame zazikulu zoyera, ndi sokosi imodzi yofiira ikuthamangira zinzake ngati kansomba kotsalira. Makinawo ankazungulira mphindi makumi anayi. Belu lake likalira, Kamaloto ankadzidzimuka ngati munthu wochokera kutali.

"Wabwerako?" Achemwali ankafunsa ali pakhomo, simbi ili m'manja. "Nanga ife watigulirako chiyani kumeneko?"

Tsono Amayi anali ndi mchimwene wawo, mmisiri wolemba zikwangwani, amene anasiya ntchito manja atayamba kunjenjemera. Amalume amenewa anaonapo tizithunzi timene Kamaloto ankajambula ndi pensulo kuseri kwa timapepala tomangirira pa zovala. Kumayambiriro kwa mwezi anabwera ndi bokosi lathabwa. Munali maburashi asanu ndi awiri, zitini zisanu za utoto wa mafuta ndi botolo la parafini. Anati adzabweranso Loweruka lomaliza la mweziwo, masana, kudzaona chimene wajambula. Akadzapeza maburashi atangogona, adzawatenga kukapatsa mnzawo wina wa pantchito, amene ankawapempha kalekale.

Amayi anayang'ana bokosilo monga momwe ankayang'anira mtambo wakuda zovala zili pachingwe.

"Achimwene, mwabweretsa mdani m'nyumba ya zoyera," anatero. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, tamva bwino. Anthu amatisiyira zovala zawo chifukwa amadziwa kuti zibwerera zilibe banga. Chimenecho ndicho chimatidyetsa. Sindikukuletsa kujambula. Jambulira pa khonde la kuseri. Koma tsiku limene utoto udzafike pa tebulo lositira, kaya ndi kadontho, bokosi limeneli lidzatuluka m'nyumba muno, ndipo sitidzakambirana."

Kamaloto anavomera msangamsanga, atakumbatira bokosilo.

2. Kudikira tsiku lathunthu

Madzulo omwewo anatenga shiti yakutha imene mwini wake anaiiwala zaka ziwiri zapitazo. Anadulapo chigamba chabwino, n'kuchikoka, n'kuchikhomera pa thabwa ndi timisomali. Anaimika thabwalo pa khonde la kuseri. Nsalu inali yoyera mbee, yokonzeka.

Koma sanatsegule chitini ngakhale chimodzi. Anauza Achemwali kuti chithunzi chenicheni sichijambulidwa mothamanga ngati kuchapa mpango. Chimafuna tsiku lathunthu, lopanda belu, lopanda womuitana. Achemwali anati tsiku lotero iwo akhala akulidikira kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo likadzafika awadzutse.

Loweruka loyamba, nyumba ina yodyera inatumiza mtolo wa nsalu za patebulo zodzaza mafuta. Loweruka lachiwiri kunagwa mvula, ndipo zovala zonse anaziyanika m'nyumba, mpaka pa masitepe. Loweruka lachitatu aphunzitsi anaitana kalasi yonse kukakonzekera mayeso. Lamulungu linali la zovala za eni nyumba, kukolopa pamwamba ndi kulemba ntchito ya kusukulu.

Nthawi yonseyi chithunzi chinkakula m'mutu mwa Kamaloto. Tsiku ndi tsiku, ali pa chidebe chake, ankawonjezerapo kanthu. Lero madenga ofiira. Mawa mashiti asanu ndi awiri ouluka. Mkuja kamtsikana koimirira pa denga lalitali, katagwira nsonga ya shiti yomaliza, zala zakuphazi zitatsala pang'ono kusiya malata. M'mutumo chithunzicho chinali chokongola kuposa chilichonse chimene anaonapo. Pa khonde, nsalu ija inayamba kutuwa ndi fumbi.

Loweruka lomaliza linafika. M'mawa, Amayi ndi Achemwali ananyamula mitolo ya mashiti kukapereka ku nyumba yogona alendo, tsidya lina la tawuni. Anatseka chitseko cha kutsogolo, n'kunena kuti abwera cha m'ma leveni.

Kamaloto anawerenga ndi zala. Maola atatu. Silinali tsiku lathunthu, koma Amalume anali kubwera masana omwewo.

3. Maola atatu

Anatsegula zitini ndi mpeni wakale. Pamwamba pa utoto uliwonse panali khungu louma, lochindikala ngati la mkaka wowiritsa ukazizira, koma lolimba kuposa pamenepo. Analiboola ndi msomali n'kulikankhira pambali. Pansi pake utoto unali wamoyo, wonyezimira.

Anayamba ndi buluu. Burashi yaikulu itangokhudza nsalu, phokoso la mumsewu linachepa. Thambo linatambasuka kuchokera pamwamba, lakuda pang'ono m'mphepete, lowala pakati, ngati madzi a m'makina asanachite thovu. Kamaloto ankapuma pang'onopang'ono. Zinkaoneka ngati thambolo linalimo kale m'nsalumo, iye akungolipukuta kuti lioneke.

Sanadikire. Anatenga utoto wofiira n'kuika madenga pamwamba pa buluu wonyowa. M'mphepete mwa madenga munasanduka mtundu wa matope, koma iye anangothirapo wofiira wambiri. Kenako anatenga woyera kuti ajambule mashiti. Woyerayo ankaterereka, n'kumamwa buluu wa pansi pake, ndipo Kamaloto ankamuunjika mpaka shiti iliyonse inatukuka pa nsalu. Pomaliza anajambula kamtsikana kaja ndi burashi yaing'ono kwambiri.

Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Sichinali chofanana ndi cha m'mutu, komabe mashitiwo ankauluka. Munthu akanatha kumva mphepo.

Anakhudzapo ndi chala. Chalacho chinabwerako chabuluu. Anakupiza ndi katoni, nakhudzanso. Chimodzimodzi. Anachiika padzuwa, ndipo denga limodzi linayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Wotchi ya m'chipinda chositira inati kwatsala theka la ola kuti Amayi abwere.

Mwana aliyense wobadwira m'nyumba yochapa zovala amadziwa chochita ndi nsalu yonyowa imene ikufunika msanga. Amaiyala pa tebulo, n'kuikapo kansalu kopyapyala pamwamba, n'kuyendetsapo simbi yamoto. Kamaloto anaona Achemwali akuchita zimenezi kambirimbiri kasitomala ataima pa kauntala.

Anazula timisomali, n'kunyamula chithunzicho mosamala ngati mbale yodzaza. Pa tebulo lositira anayalapo manyuzipepala, poganiza kuti akatero utoto sufika pa tebulo. Anayala chithunzi, naphimbapo kansalu, nalumikiza simbi yamagetsi ya Achemwali, ija yotulutsa nthunzi. Itatentha, anaitsitsa pakati penipeni pa thambo n'kuiyendetsa.

Fungo ndilo linayamba kumuuza. Kenako simbi inakana kuyenda. Ataikweza, kansalu kaja kanakwera nayo limodzi. Utoto unali utasungunuka n'kudutsa. Madenga ndi mashiti zinali zitasakanikirana kukhala nkhungu imodzi yaikulu, ndipo kamtsikana kaja kanatsala dzanja lokha, likugwira kanthu koyera kosadziwika.

Kamaloto sanalire, pakuti nthawi yolira panalibe. Anazimitsa simbi, naidikira kuti izizire, naipukuta ndi parafini, kenako ndi sopo, mpaka kunsi kwake kunawala ngati galasi. Anatsegula mazenera, nataya manyuzipepala, nakapachika chithunzi chowonongekacho pa waya, kuseri kwa thanki ya madzi.

4. Yunifolomu yoyera

Amayi ndi Achemwali anafika ali thukuta. Achemwali atangolowa m'chipinda chositira ananunkhiza uku ndi uku, n'kufunsa ngati nyumba yasanduka galaja iwo atachoka. Kamaloto anati wakhala akujambula pa khonde. Zimenezo zinali zoona, koma sizinali zonse.

Achemwali analumikiza simbi, nathiramo madzi, natenga chovala chapamwamba pa mulu. Inali yunifolomu ya anamwino ena a kuchipatala cha ana, kasitomala wa zaka zambiri, amene ankabwera Lolemba lililonse. Inali yoyera moti inkathobwa m'maso.

Simbi inaimikidwa chagada kuti itenthe, kunsi kwake kutayang'ana kumene kunali Kamaloto. Apo m'pamene anaona. Kunsi kunali kowala ndithu, koma timabowo totulukira nthunzi tinali ndi mkombero wakuda katikati. Nsanza ya parafini sinafikemo.

Mwina sipakanatuluka kanthu. Mwina pakanatuluka, ndipo palibe akanadziwa msanga kuti zachokera kuti. Bokosi linali pa khonde, Amalume anali m'njira, ndipo mawu a Amayi anali osabwerera. Achemwali anayala kolala, naisalaza ndi chikhatho, nanyamula simbi.

"Achemwali, dikirani kaye."

"Walotanso chiyani?"

"Yesani pa chisanza poyamba."

Achemwali anamuyang'ana mokayikira. Kenako anakoka chisanza choyera n'kudinapo simbi, nthunzi n'kufuka. Ataichotsa, pa chisanzapo panali timadontho tabuluu, tondandana bwinobwino m'mizere iwiri yokhota.

Achemwali anakankhira yunifolomu kutali ndi chigongono, naitana Amayi ndi mawu otsika. Kamaloto anafotokoza zonse, kuyambira pa khungu la m'zitini mpaka pa manyuzipepala. Achemwali atamva kuti mng'ono wawo wasita chithunzi, anaphimba pakamwa ndi chisanza chija, mapewa akugwedezeka. Anati chatsala n'kuchithira sitachi ndi kuchipinda.

Amayi sanaseke, ndipo sanakweze mawu.

"Mwana wanga," anatero, "yunifolomu iyi eni ake ali nazo ziwiri zokha. Imodzi avala lero, ina ndi iyi. Ukanakhala chete, Lolemba ndikanaima pa kauntala apo n'kumawauza chiyani? Kuti mwana wanga amalota? Wachita bwino kulankhula, ndipo ndaona. Koma kulankhula sikufafaniza chimene chinachitika. Unadziwa lamulo, n'chifukwa chake unayala manyuzipepala. Munthu woiwala sayala manyuzipepala. Ndinati utoto ukadzafika pa tebulo ili, bokosi lidzatuluka. Katseke zitini zako. Amalume ako akafika, alitenga."

5. Chikwangwani cha pa ngodya

Amalume anafika dzuwa lili paliwombo, chipewa chili m'manja. Atalonjerana ndi mlongo wawo n'kumva nkhani yonse, anapempha kuona zinthu ziwiri: zitini ndi chithunzi.

Anatsegula chitini cha buluu, navuula khungu lija ndi chala chonjenjemera, naliyang'anitsitsa padzuwa. Anati limeneli ndi khungu la mwezi wathunthu, ndipo labooledwa lero m'mawa. Utoto sunamiza munthu. Chithunzi chija nachonso anachiyang'anitsitsa. Kenako anauza mlongo wawo kuti lamulo la m'nyumba ndi lamulo, ndipo anapempha Kamaloto kuti awanyamulire bokosi mpaka pokwerera basi.

Anatuluka limodzi. Bokosilo linkalemera kuposa tsiku limene linabwera. Atafika pa ngodya ya msewu, Amalume anaima n'kuloza pamwamba pa sitolo yogulitsa nsapato. Panali chikwangwani chakale chimene Kamaloto ankachidutsa tsiku lililonse popita kusukulu. Panali nsapato imodzi yofiira itaponda mtambo, kumbuyo kwake kuli thambo lozama moti maso ankamiramo.

"Ukuganiza kuti chimenechi ndinachijambula masiku angati?" anafunsa.

Kamaloto anati mwina awiri.

"Khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndipo panalibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinachigwira kupitirira theka la ola. Nthawi imeneyo ndinkapenta makoma a fakitale. Anzanga akakhala pansi masana kuti adye, ine ndinkadya ndikuyenda, kubwera pano, kukwera makwerero, kuikapo mtundu umodzi, kutsuka burashi, n'kubwerera. Mwini sitolo ankandinyoza, ati ndimagwira ntchito ngati nkhuku yojompha. Lero mwini sitoloyo kulibe, mwana wake wachita imvi, koma thambo lija taliona."

Anafika pokwerera basi, nakhala pa benchi, bokosi lili pakati pawo.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Utoto uwu uli ndi khalidwe lake. Ukauika lero, umafuna kugona usiku wonse usanauikire mnzake pamwamba. Ukaukakamiza, umakupatsa matope, monga waonera. Tsono tsiku lathunthu limene unkadikiralo ukanalichita nalo chiyani? Ukanapaka thambo m'mawa, n'kukhala tsiku lonse manja ali m'chiuno. Utotowu safuna tsiku lako lonse. Umafuna kuti ubwere lero, ubwerenso mawa, ubwerenso mkuja. Ine ndadziwa anthu ambiri a dzanja labwino kuposa langa. Wina ankati adzayamba akadzamaliza sukulu. Atamaliza anati akadzapeza ntchito. Atapeza anati ana akadzakula. Ndinakumana naye chaka chatha, akadali ndi zithunzi zokongola kwambiri, zonse m'mutu. Ndipo zimenezo palibe adzazione. Ine manja anga anandisiya osanditsanzika. Ndikanadikira tsiku labwino, bwenzi mumsewu muno mulibe kanthu kanga."

Basi inabwera, inaima, anthu anakwera. Amalume anali akupukuta magalasi awo, ndipo basiyo inapita.

Kamaloto anati iye alibe ngakhale theka la ola. Akaweruka ndi makina, akachoka pa makina ndi chingwe, akachoka pa chingwe ndi mabuku. Amalume anafunsa kuti makinawo akamazungulira, iye amawathandiza kuzungulira kapena bwanji.

Mtsikanayo anakumbukira chidebe chija chimene ankakhalapo makina akamazungulira. Anayang'ana chikwangwani chija, nayang'ana bokosi. Kenako anafunsa kuti basi ina ibwera nthawi yanji. Amalume anati sakudziwa, ndipo miyendo yawo yatopa, akhoza kukhala pa benchipo ndithu.

Kamaloto anathamanga.

6. Mphindi makumi anayi

Anapeza Amayi akupinda mapilo. Anaima patali pang'ono, manja ali kumbuyo kuti asakhudze kanthu, nadikira mpaka Amayi atamuyang'ana.

Sanapemphe kuti lamulo lisinthe. Anati bokosi lisalowenso m'nyumba. Koma kuseri kwa thanki kunali kashedi kosungiramo zidebe zobooka, ndipo belu la makina linkamveka mpaka kumeneko. Anapempha mphindi makumi anayi zokha, zija amakhala pa chidebe, kamodzi pa tsiku. Belu likalira, adzatseka chitini, ngakhale atakhala pakati pa mzere.

"Iwe ungasiye pakati?" anafunsa Amayi. "Iwe amene timakuitana katatu?"

"Ndikalephera kamodzi, Amayi, ndidzalinyamula ndekha kukawapatsa Amalume."

Amayi anapinda pilo lina, nalisalaza, naliika pa linzake. Anati simbi ya Achemwali iyambe yayera kaye, bowo lililonse, ngakhale zitatenga Lamulungu lonse. Anati kushediko azivala malaya akutha a ntchito ndi kusamba m'manja pa mpopi wa panja asanagwire chovala cha munthu. Anatinso magiredi a kusukulu akatsika, kashediko adzakhoma ndi loko.

"Ndikulola chifukwa unalankhula simbi isanatsike," anatero pomaliza. "Ukanalankhula itatsika, bwenzi tikukamba zina. Pita ukawatenge amalume ako asanapse ndi dzuwa. Ndikuwadziwa, basi ziwiri zawadutsa dala."

Lamulungu lonse linathera pa simbi. Kamaloto ankatokosa timabowo ndi kamtengo ka machesi konyika m'parafini, kuthira madzi, kutenthetsa, kudina pa chisanza. Timadontho tinkazilala pang'onopang'ono. Dzuwa likupendeka, chisanza chinatuluka choyera. Achemwali anati tsiku lathunthu lija lafika tsopano, ndipo alikondwerere.

Lolemba ataweruka, Kamaloto anasankhula zovala, nadzaza makina aakulu, nadina batani. Chidebe chija chinali pamalo pake, ndipo m'zeneramo malaya anali atayamba kale kusambira. Anaima kamphindi. Kenako anatuluka.

M'kashedi munali kuwala kolowera pa mng'alu wa malata, fumbi likuyandama m'menemo ngati tinyenyezi. Anavala malaya akutha, nakhomera chigamba chatsopano pa thabwa, natsegula chitini chimodzi chokha. Anapaka thambo. Kudzera m'khoma ankamva makina akung'ung'udza, ndipo burashi inayamba kuyenda motsatira kulirako, kupita, kubwera. Thambo litadzaza nsalu, dzanja lake linapita lokha pa chitini chofiira. Madenga anali pomwepo, m'maso mwake, akungodikira.

Belu linalira.

Kamaloto anachotsa dzanja pa chitinicho. Anatsuka burashi, natseka buluu, nasamba m'manja pa mpopi kawiri. Atalowa m'nyumba, Achemwali anasuzumira pa wotchi, kenako pa zala zake, n'kufunsa kuti lero wawagulirako chiyani.

"Thambo lokha," anatero Kamaloto. "Madenga mawa."

Akutuluka ndi dengu la zovala kukayanika, anapeza munthu ataima pafupi ndi thanki. Anali anamwino aja. Anabwera kudzatenga yunifolomu yawo, ndipo Amayi anawalozera mpopi wa panja kuti asambe m'manja. Koma iwo sanali kusamba. Ankayang'ana chithunzi chowonongeka chija, chimene chinali chikadali pa waya, chikugwedezeka ndi mphepo.

Kamaloto anafuna kupepesa kuti achichotsa, koma anamwinowo anafunsa kuti dzanja laling'onolo likugwira chiyani. Iye anati ndi shiti, ikuuluka.

"Ndinaganiza choncho," anatero. "Kumene ndimagwira ntchito kuli chipinda cha ana amene amagona chagada milungu yambiri. Kutsogolo kwawo kuli khoma loyera lopanda chithunzi chilichonse, lalitali ngati kuchokera pano kukafika pa geti. Amaliyang'ana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kodi wajambula ichi ndiwe?"

Kamaloto anagwedeza mutu movomera, dengu lili m'chiuno. M'nyumba, makina aang'ono anali atayamba kulira belu lawo. Ndipo pakhomo la kuseri panali pataima Amayi, yunifolomu yoyera ili pamkono, atamva zonse.